Tchuthi cha Khrisimasi: Kukonzekera Ulendo Woona Blantyre ndi Malo Oyandikana Nawo

Teremu yoyamba ikamapita kumapeto, nkhani imene imakula pakati pathu ndi ya tchuthi cha Khrisimasi. Ena amakamba za mpunga ndi nkhuku, ena za kwaya ya ku parishi kwawo, koma amene ali ndi abale mu mzinda wa Blantyre amakhala akuwerenga pa zala malo amene akufuna kukaona. Wina amati akakwera phiri la Mulanje, akaona njovu ku Majete, akasamba m'nyanja ku Mangochi, ndipo zonsezi akuti azichita m'masiku atatu. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Ine kwathu ndi komweko ku Blantyre, ndipo anzanga ambiri akhala akundifunsa za malo oti akaone ndi m'mene angayendere. Ndaganiza zoyankha onse pamodzi m'magazini yathu ino, kuti makolo athu ndi abambo ansembe amene amatenga achinyamata a m'parishi pa maulendo otere amveko nawonso. Mfundo yanga ndi imodzi: ulendo wa tsiku limodzi pa nyengo ya Khrisimasi umakonzedwa kuyambira kumapeto. Musanafunse kuti tinyamuka nthawi yanji, yambani mwafunsa kuti tifika pakhomo nthawi yanji, ndipo tibwerera ndi ndalama ziti. Mafunso awiriwa akayankhidwa, zina zonse zimagwa m'malo mwake.

Nyengo iyi ndi yosiyana ndi zina

Pali zinthu zinayi zimene zimachititsa kuti ulendo wa mu Disembala usafanane ndi wa mu Julayi.

Choyamba ndi mvula. Kuno kwathu dzinja limayamba cha mu Novembala ndi kutha cha mu Epulo, choncho Khrisimasi imagwa mvula ili pakati. Masiku ambiri kumacha bwino, dzuwa n'kuwala, koma pofika masana mitambo imasonkhana ndipo mvula ya mabingu imagwa. Ndiye kuti maola odalirika ndi a m'mawa. Mwayi wake ndi wakuti mu Disembala dzuwa limatuluka msanga, cha m'ma 5 koloko, ndipo limalowa itangopitirira 6 koloko. Amene amadzuka 9 koloko chifukwa ndi tchuthi amakhala atataya kale gawo labwino la tsiku.

Chachiwiri ndi kuchuluka kwa anthu pa msewu. Masiku awiri kapena atatu Khrisimasi isanafike, anthu a m'tauni amapita kumudzi ndi katundu, pamene a kumudzi amabwera m'tauni kudzagula zovala ndi zina. Okwera akachuluka kuposa mipando, mitengo ya minibasi imakwera. Madalaivala ena amathamanga kuti ayende maulendo ambiri pa tsiku, ndipo ena amanyamula anthu kupitirira muyeso. N'chifukwa chake chaka ndi chaka apolisi a pamsewu amachulukitsa ntchito yawo pa nyengo imeneyi.

Chachitatu ndi masiku otseka. Pa 25 ndi pa 26 Disembala komanso pa 1 Januwale ndi masiku a tchuthi cha dziko lonse. Maofesi amatseka, ndipo malo ena oonetsa zinthu amatseka kapena kuweruka msanga. Masiku amenewanso ndi amene anthu oledzera amachuluka m'misewu. Kwa ife a ku seminale pali china: masiku amenewa timafunika ku parishi, kutumikira pa Misa ndi kuthandiza pa zokonzekera, ndiponso timafunika pakhomo. Choncho masiku abwino oyenda ndi a pakati, kuyambira pa 27 mpaka pa 30 Disembala, kupatula Lamulungu. Pamenepo opita kumudzi anafika kale, obwerera sanayambe, ndipo msewu umapumako.

Chachinayi ndi ndalama. Disembala amatsatana ndi Januwale, ndipo Januwale sachita nthabwala. Ndi mwezi wa fizi, wa feteleza wobereketsa, wolipira aganyu opalira ndi kubandira, komanso mwezi umene chimanga chimayamba kuchepa m'nyumba zambiri. Kwacha iliyonse imene tiwononga pa ulendo imachoka pa thumba lomwelo. Ulendo umene ungachititse kuti mng'ono wako achedwe kupita kusukulu si ulendo wabwino, ngakhale malo ake atakongola bwanji.

Kuwerenga kuchokera kumapeto

Ndipereke chitsanzo cha Zomba kuti zimveke bwino. Kuchokera ku Blantyre kukafika ku Zomba ndi makilomita pafupifupi 65, ndipo maminibasi ake amakwerera ku Limbe.

Tinene kuti makolo anena kuti mukhale mutafika pakhomo pofika 5 koloko madzulo, kusanade. Kuchokera ku Limbe kukafika kunyumba kwanu, kaya ndi ku Ndirande, ku Chilomoni kapena ku Zingwangwa, ikani ola limodzi, popeza mwina mukwera maminibasi awiri. Ndiye kuti ku Limbe muzikhala mutafika 4 koloko. Kuchokera ku Zomba kufika ku Limbe ikani ola limodzi ndi theka, chifukwa minibasi imaima pa siteji iliyonse, ku Thondwe, ku Namadzi, ku Njuli ndi kwina. Onjezani theka la ola lodikira kuti idzaze, pakuti minibasi sinyamuka chifukwa inu muli pa changu, imanyamuka ikadzaza. Apa mwaona kuti ku depoti ya Zomba muyenera kukhalako 2 koloko masana.

Tsopano werengani mbali ya m'mawa. Mukanyamuka ku Limbe 6 koloko, ku Zomba mufika cha m'ma 8 koloko. Kukwera phiri wapansi kuchokera m'tauni kukafika pamwamba, cha ku Ku Chawe, kumatenga maola awiri kapena kuposerapo, ndipo kutsika kumafunanso pafupifupi maola awiri. Mukachotsa zonsezi, pamwamba pa phiri mutsala ndi maola awiri okha, kuyambira 10 mpaka 12 koloko. Maola awiriwo ndi okwanira kuona damu la Mulunguzi, kukhala pansi, kudya kamba wanu ndi kuyang'ana mzinda uli m'munsi. Sangakwanire kuti mukafike ku dzenje la Chingwe, limene lili kutali mbali ina ya phiri. Ngati mukufuna kukafika kumeneko, mufunika galimoto yokwera nayo phiri, ndipo ndalama yake muyenera kuidziwa musanachoke pakhomo.

Kuwerenga kotereku kumatenga mphindi zochepa ndi pensulo, koma kumakuuzani zoona zimene mtima sufuna kumva. Amene sawerenga amazindikira zimenezi ali pamwamba pa phiri, mabingu akugunda, minibasi yomaliza itapita.

Tsiku loona mzinda

Ndikulangiza kuti tsiku loyamba likhale la mu mzinda momwemo. Ndi lotsika mtengo, ndipo mvula ikagwa pobisala sipasowa. Mzinda wa Blantyre unali ndi anthu oposa 800,000 pa kalembera wa 2018, koma malo ake a mbiri ali pa mzere umodzi, kuchokera ku Blantyre Mission kukafika ku Limbe. Mukatsata mzere umenewu simubwerera m'mbuyo, ndipo simulipira minibasi kawiri pa njira imodzi.

Yambirani ku Blantyre Mission, pafupi ndi depoti ya Wenela. Pamenepa ndi pamene mzinda unayambira. Amishoni a mpingo wa ku Scotland anakhazikika pamalopa mu 1876, ndipo anapatcha dzina la Blantyre pokumbukira tauni imene David Livingstone anabadwira. Chimene muyenera kuona ndi tchalitchi cha St Michael and All Angels cha mpingo wa CCAP, chimene chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891. Anatsogolera ntchitoyo ndi mbusa David Clement Scott, amene sanaphunzire za zomangamanga, ndipo anamanga ndi anthu a konkuno pogwiritsa ntchito njerwa zoumbidwa pomwepo. Mukafika musangojambula chithunzi n'kuchoka. Zungulirani tchalitchicho pang'onopang'ono, muone m'mene njerwa zake zilili za maonekedwe osiyanasiyana, ndiponso kuti nsanja zake ziwiri sizofanana. Scott yemweyo analemba dikishonale ya Chimang'anja imene inatuluka mu 1892, choncho ife ophunzira Chichewa tili naye ngongole. Kumbukirani kuti ndi nyumba yopemphereramo ya abale athu. Pemphani chilolezo musanalowe, ndipo ngati muli mapemphero kapena ukwati, dikirani panja.

Kuchoka pamenepo tsikani wapansi kudzera pa Clock Tower, mulowe m'tauni mpaka mu msewu wa Victoria Avenue, kumene kuli holo yakale ya mzinda yomangidwa mu 1903. Kenako lunjikani ku Mandala House, nyumba yosanja imene inamangidwa mu 1882 ndi kampani ya African Lakes, ndipo ndi imodzi mwa nyumba zakale kwambiri zimene zikadali chiimire m'dziko muno. Dzina lake lili ndi nkhani. Mmodzi mwa akuluakulu a kampaniyo, John Moir, ankavala magalasi a maso, ndipo anthu anamutcha Mandala. Dzinalo linakakamira pa nyumbayo, pa kampaniyo ndi pa dera lonselo mpaka lero. M'chipinda cham'mwamba muli laibulale ya bungwe la Society of Malawi, mosungidwa mabuku ndi zithunzi zakale.

Pofika apa dzuwa limakhala litakwera, miyendo itayamba kulemera. Kwerani minibasi ya ku Limbe mu msewu wa Masauko Chipembere, mutsike pa Chichiri. Pamenepa pali chipilala chokumbukira ufulu wa 1964, bwalo la Kamuzu Stadium, ndi nyumba yosungiramo zinthu zakale imene ambiri amangoti Chichiri Museum. Panja pake pali injini ya sitima yakale yoyendera nthunzi ndi magalimoto a kale, ndipo m'kati muli zida za makolo athu, ndalama zakale ndi zina zofotokoza mbiri ya dziko lino. Ndaika malo amenewa masana mwadala: ndi a denga, ndipo ngati mvula ibwera ikupezani muli m'kati. Polowa pamakhala kandalama, choncho muikonzeretu. Chapafupi pomwepo pali bwalo la Njamba, limene kale linkatchedwa Kwacha Park, pamene Papa Yohane Paulo Wachiwiri anatsogolera Misa atabwera kuno mu Meyi 1989. Ambiri mwa makolo athu analipo tsiku limenelo, ndipo mukawafunsa akuuzani zambiri kuposa zimene maso angaone pa bwalopo.

Ngati nthawi ilipo, malizirani ku Limbe Cathedral, tchalitchi chachikulu cha Arkidayosizi ya Blantyre. Pa nyengo iyi mumakhala khola la Khrisimasi, ndipo ndi malo abwino okhala chete pang'ono musanalowe m'phokoso la depoti.

Mwaona kuti sindinatchule mapiri a Soche, Ndirande ndi Michiru. Onse ndi okoma kukwera, ndipo pa Michiru, mbali ya Chilomoni, pali Njira ya Mtanda imene akhristu ambiri amayenda. Koma phiri lililonse limafuna m'mawa wakewake. Musaliphatikize ndi tsiku la m'tauni.

Malo opita ndi kubwerako tsiku lomwelo

Mutaona mzinda, sankhani malo amodzi a kunja. Ndikuti amodzi, osati atatu. Nawa amene angatheke.

Zomba. Unali likulu la dziko lino mpaka 1975 pamene likulu linasamukira ku Lilongwe. Polowa mu mzinda kuchokera ku Blantyre muona nsanja yokumbukira asilikali a King's African Rifles amene anafa pa nkhondo. M'tauni muli nyumba zakale za boma, munda wa mitengo ndi maluwa wa Botanical Gardens, Yunivesite ya Malawi, ndi seminale yaikulu ya St Peter's, kumene ena mwa ife tikuyembekeza kudzafika Mulungu akalola. Phiri lake limapitirira mamita 2,000 pa nsonga yake. Pamwamba pali malo otchedwa Emperor's View, pokumbukira mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia imene inafikapo mu 1965. Vuto la dzinja ndi nkhungu: ikhoza kuphimba phiri m'kanthawi kochepa, njira n'kusowa. Choncho musachoke pa msewu kapena pa njira yodziwika. Ngati gulu lanu lili ndi ana aang'ono, khalani m'tauni momwemo. Muli zokwanira tsiku lathunthu.

Mulanje. Njira yachidule ndi ya Midima, makilomita osapitirira 70. Njira ina ndi yodzera ku Thyolo, yotalikirapo koma yodutsa m'minda ya tiyi imene pa dzinja imabiriwira ngati kapeti. Ngati n'kotheka pitani njira ina, mubwerere inayo. Nsonga ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, ndipo mu 2025 bungwe la UNESCO linaika phirili pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse. Koma pano ndinene mosabisa: Sapitwa si wa tsiku limodzi. Okafika kumeneko amagona m'phiri masiku angapo, ali ndi wowatsogolera, ndipo dzinja si nyengo yake. Chimene mungakwanitse pa tsiku limodzi ndi kupita ku Likhubula ndi kuyenda pafupifupi ola limodzi kukafika pa mathithi a Dziwe la Nkhalamba. Tengani wotsogolera wa komweko ndipo mugwirizane mtengo musanayambe kuyenda. Za kusambira pa dziwelo ndinena m'munsimu.

Chiradzulu. Uwu ndi ulendo waufupi ndi wotsika mtengo, koma wodzaza ndi mbiri imene timalemba pa mayeso. Ku Mbombwe kuli mishoni ya PIM imene mbusa John Chilembwe anayambitsa mu 1900. Kumeneko ndi kumene kuukira atsamunda kunayambira pa 23 Januwale 1915, ndipo tchalitchi chake choyamba chinagwetsedwa ndi asilikali a boma pambuyo pake. Chapafupi pali mishoni ya Nguludi, imodzi mwa mishoni zoyambirira za ansembe a Montfort, imene inawotchedwa pa masiku omwewo a nkhondoyo. Kuona malo awiriwa tsiku limodzi kumathandiza munthu kumvetsa kuti mbiri ili ndi mbali zingapo. Mwambo waukulu wokumbukira Chilembwe umachitika pa 15 Januwale, ife titabwerera kale kusukulu, koma ubwino wopita mu Disembala ndi wakuti kumakhala kopanda chikhamu ndipo mukhoza kufunsa mafunso momasuka.

Majete. Nkhalango iyi ili m'boma la Chikwawa, makilomita pafupifupi 70 kuchokera ku Blantyre, kutsika zitunda za ku Thabwa ndi kuwoloka Shire. Nyama zake zinali zitatha ndi opha mozembera, koma kuyambira 2003 pamene bungwe la African Parks linayamba kuyang'anira malowa, anabwezeretsamo zipembere, njovu, mikango ndi zina. Kumenekonso kuli mathithi a Kapichira amene analepheretsa ngalawa ya Livingstone kupitirira mu 1859. Koma ulendo uwu si wa minibasi. Mumafunika galimoto yoti muyende nayo m'nkhalango, polowa pamalipidwa, ku Chikwawa kumatentha koopsa, ndipo pa dzinja udzu umatalika, nyama n'kumabisika. Ndi ulendo woyenera gulu la parishi limene lasonkha ndalama kwa miyezi ndipo lafunsiratu ku ofesi yawo. Kwa anyamata atatu a ndalama za m'thumba, dikirani chilimwe.

Nanga ku nyanja? Kuchokera ku Blantyre kukafika ku Mangochi ndi makilomita pafupifupi 190, ndipo magombe abwino ali kutsogolo kwake. Mukawerenga kuchokera kumapeto monga tachitira ndi Zomba, mupeza kuti tsiku lonse litha muli mu minibasi, ndipo mubwerera usiku. Nyanja ndi ya ulendo wogona, wokhala ndi akuluakulu. Siili pa mndandanda uno.

Kagawidwe ka ndalama

Mitengo ya maulendo imasintha pafupipafupi, makamaka kuchokera pamene ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mafuta akasowa kapena akakwera, mtengo wa dzulo sukhala wa lero. Choncho musadalire zimene mnzanu analipira chaka chatha. Pitani pa siteji dzulo lake, mufunse kondakitala kapena munthu amene wangotsika kumene. Safunsa anadya phula.

Mukadziwa mtengo, gawani ndalama zanu m'magawo anayi. Gawo loyamba ndi lobwererera. Ndalitchula poyamba mwadala. Likhale lochulukirapo kuposa lopitira, chifukwa madzulo, makamaka mvula ikagwa, mitengo imakwera. Ikani ndalama imeneyi payokha, m'thumba lam'kati, ndipo muiwale kuti ilipo mpaka nthawi yake. Gawo lachiwiri ndi lopitira. Lachitatu ndi lolipira polowa ndi wotsogolera. Lachinayi ndi la mwadzidzidzi, monga ngati minibasi yafa panjira ndipo mufunika kukwera ina. Chotsala, ngati chilipo, ndicho cha zakumwa ndi chipisi. Ambiri amachita mosemphanitsa: amayamba ndi chipisi, n'kumaliza ndi kupempha.

Ngati magawo anayiwa sakukwana, musanyamuke poganiza kuti zikaoneka komweko. Sankhani malo apafupi. Chakudya chochokera kunyumba chimapulumutsa ndalama zambiri: mbatata kapena chinangwa chophika, mazira owiritsa, mtedza, ndi mango amene pa nyengo iyi ali mbwee. Ndi bwinonso kuti kandalama kena kakhale mu foni ya wamkulu wa gulu, ku Airtel Money kapena Mpamba, kuti chikwama chikasowa musasowe pogwira. Ndalama yolipira minibasi ikhale yaing'onoing'ono ndipo ikhale pafupi, kuti musamatulutse zonse pa gulu. Ku depoti ya Limbe ndi m'misika, opisa m'matumba nawonso amakhala akukonzekera Khrisimasi yawo.

Kubwerako ndi moyo

Madzi ndiwo oyamba kuopa. Mitsinje ya m'mapiri a Mulanje ndi Zomba imadzaza ndi mvula imene yagwa kumtunda, ngakhale pamene inu muli pakuwala dzuwa. Kamtsinje kamene munawoloka m'mawa madzi ali m'mapazi kakhoza kukhala koopsa masana. Madzi saiwala khwawa. Tonse tikukumbukira namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, pamene matope ndi miyala zinatsika phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, ndipo anthu ambirimbiri anafa ku Blantyre, ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Chiradzulu. Mverani za nyengo pa wailesi usiku wake. Akachenjeza za mvula yamphamvu, ulendo wa kuphiri ulephereke, palibe kukambirana. Pa Dziwe la Nkhalamba madzi ndi ozizira ndi akuya, miyala ndi yoterera, ndipo anthu anamirapo. Kutha kusambira pa dambo la kwanu si chifukwa chodumphira m'menemo. Mabingu akayamba, tsikani pa malo okwera ndipo musabisale pansi pa mtengo umene uli wokha.

Chachiwiri ndi zakudya ndi zakumwa. Dzinja ndi nyengo ya kolera. Mliri wa 2022 mpaka 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za ku Blantyre ndi ku Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha matendawa. Tengani madzi anu owiritsa kapena othira mankhwala m'botolo, ndi kasopo kosambira m'manja. Zogula panjira zikhale zotentha, zochoka pamoto inu mukuona. Zipatso musende nokha kapena mutsuke ndi madzi anu.

Chachitatu ndi galimoto. Oitanira akakukokerani, musachite manyazi kukana. Yang'anani matayala, yang'anani dalaivala. Ngati akununkha mowa kapena minibasi yadzaza kale kupitirira mipando, dikirani ina. N'chifukwa chake tinaika nthawi yodikira pa kuwerenga kwathu kuja: munthu amene ali ndi nthawi amatha kusankha, pamene wochedwa amakwera chilichonse. Njinga zamoto za kabaza zimafulumira, koma pa msewu wonyowa, anthu awiri kumbuyo, popanda chipewa choteteza mutu, ndi kuika moyo pa chiswe.

Chachinayi ndi gulu. Musayende nokha, komanso musachuluke kwambiri ngati mukukwera minibasi. Anthu anayi kapena asanu ndi abwino, ndipo pakhale wamkulu mmodzi amene makolo onse akumudziwa. Mugwirizane malo okumanira wina akasochera. Foni ikhale yodzaza moto ndi mayunitsi, ndipo muikulunge m'pulasitiki chifukwa cha mvula. Nambala ya kunyumba muilembenso pa kapepala, poti foni ikhoza kuzima. Amene takwanitsa zaka 16 ndipo tili ndi chiphaso cha unzika, tichitenge. Nsapato zikhale zoyendera, osati zatsopano za Khrisimasi zimene zingakutupitseni mapazi musanafike pa Clock Tower.

Mawu kwa makolo ndi abambo ansembe

Inu makolo athu, mwana akabwera kudzapempha ulendo, musafulumire kukana ndipo musafulumire kuvomera. Mufunseni mafunso asanu: ukupita kuti, ndi ndani, ubwera nthawi yanji, ndalama yobwererera ili kuti, ndipo mvula ikagwa uchita chiyani? Akayankha onse bwinobwino, ndiye kuti waganiza, ndipo mukhoza kumulola. Akakakamira pa funso limodzi, mubwezeni akakonzenso. Potero mukhala mutamuphunzitsa chinthu chimene chidzamuthandiza pa maulendo aakulu a m'tsogolo. Ndipo ngati ndalama palibe, tiuzeni zoona. Tikhoza kumvetsa. Tsiku la mu mzinda limene ndafotokoza lija mbali yake yaikulu ndi ya wapansi.

Inu abambo ansembe amene mumakonza maulendo a otumikira ku guwa ndi a kwaya, pempho langa ndi lakuti muzitipatsako ntchito yowerenga nthawi ndi ndalama, inu n'kungoona ngati talondola. Ndiponso tsiku lisanafike, wina afotokozere gulu mbiri ya malo amene tikupitawo. Munthu amene akudziwa za John Moir amaona Mandala House, pamene wosadziwa amangoona nyumba yakale.

Ndipo inu anzanga, tengani kope laling'ono ndi cholembera. Lembani zimene mwaona, zimene mwauzidwa, nthawi imene munanyamuka ndi imene munafika, ndi ndalama zimene zinapita. Kuona maso a nkhono n'kudekha: malo awiri amene mwawaona modekha ndi kuwamvetsa aposa khumi amene mwangowadutsa pa windo la minibasi. Sukulu ikatsegulidwa mu Januwale, tidzafananitse makope athu, kuti amene adzayende chaka chamawa adzayambire pamene ife talekezera.

Ndikufunirani nonse Khrisimasi yabwino ndi chaka chatsopano cha mtendere. Muyende bwino, ndipo mufike pakhomo kusanade.